Funsani Akatswiri: Nsonga za Unyolo wa Pulasitiki

Funso: Tinaphunzira kuti polima ndi unyolo wautali wa timagawo tofanana. Aphunzitsi akuti timagulu ta kumapeto kwa unyolowo timasintha khalidwe la pulasitiki. Zingatheke bwanji, poti nsonga ndi ziwiri zokha pakati pa timagawo mazanamazana? — Wophunzira sayansi, Zomba

Yankho: Taganizirani mkanda wa m'khosi. Mikanda ichuluke bwanji, chogwira yonse ndi mfundo ya kumapeto, ndipo ikamasuka mikanda imayoyoka umodziumodzi. Pulasitiki ya POM, yopangira timagiya ndi mano a zipi, imachita chimodzimodzi. Ngati unyolo wake wathera ndi gulu la OH (okosijeni ndi haidrojeni), ukangotenthedwa umamasuka kuyambira kunsonga, n'kumataya formaldehyde, mankhwala omwe POM imapangidwa nawo, kagawo ndi kagawo. A kampani ya DuPont anamanga nsongazo ndi mankhwala otchedwa acetic anhydride, ndipo umu ndi mmene POM yawo yotchedwa Delrin inafikira pamsika cha mu 1960.

Pa nayiloni, nsonga za amine (timagulu tokhala ndi naitrojeni) ndi zimene zimagwira utoto wa asidi. Ulusi wokhala nazo zambiri umamwa utoto kwambiri. N'chifukwa chake nsalu yolukidwa ndi ulusi wopangidwa maulendo awiri osiyana imatha kutuluka yamizeremizere, ngakhale yanyikidwa mumphika umodzi.

Funso: Timagaya mabotolo a madzi ndi a zakumwa, kutsuka, n'kusungunula kuti tipange zingwe zomangira katundu. Zingwezo zikumathyoka ngati bisiketi. Makina ndi abwinobwino. Talakwa pati? — Mwini fakitale yaing'ono, Blantyre

Yankho: Bambo, makinawo asiyeni. Mdani wanu ndi chinyezi. Mabotolowo ndi a PET, ndipo PET imamwa madzi a mumpweya ngakhale ikuoneka youma. Pa kutentha kosungunulira, madigiri 270 mpaka 290, kadontho kalikonse kamadula unyolo pakati. Pomwe waduka pamabadwa nsonga ziwiri zatsopano, ina ya OH, ina ya carboxyl. Ya carboxyl ija ndi asidi, ndipo asidiyo amafulumizitsa kuduka kwa maunyolo ena. Vuto limadzibala lokha motero. Maunyolo afupiafupi sakolana bwino, ndiye chingwe chimaphotchoka. Chizindikiro choyamba mumachiona pakamwa pa makina: pulasitiki yosungunuka imatuluka yamadzimadzi, yosafuna kukokedwa.

Kuyanika padzuwa n'kutaya nthawi, kumachotsa madzi a pamwamba okha. Chinyezi chiyenera kutsika kufika pansi pa 0.005 peresenti. Izi zimafuna choumitsira cha mpweya wouma, pa madigiri 160 mpaka 180, kwa maola 4 mpaka 6. Musanatero, zigawo zomwe n'zoonekera mkati muzitenthe kaye pa madigiri 130 mpaka 150 uku mukuzivundula mpaka zitayera ngati mkaka. Mukalumpha apa zidzamatana n'kukhala chibuma m'choumitsiramo. Zikauma zipite m'makina pompo. Zikagona m'thumba lotsegula, makamaka nyengo ya dzinja, mwabwerera pomwe munayambira.

Posankha mabotolo samalani ndi PVC, mtundu wina wa pulasitiki. Ngakhale yochepa kwambiri imatulutsa asidi wa hydrochloric ikapsa, ndipo asidiyo amadula PET n'kuidetsa. Musakwezenso moto poganiza kuti ntchito iyenda msanga, chifukwa kutentha kopitirira kumasiya nsonga za vinyl zomwe zimabala acetaldehyde, uja amapatsa madzi a m'botolo kakomedwe konga ka chipatso.

Pali mankhwala othira posungunula, a epoxy olumikizanso maunyolo oduka ndi a carbodiimide otseka nsonga za asidi, ndipo nthawi zambiri safika 1 peresenti ya kulemera kwa pulasitiki. Amathandiza ndithu, koma ife sitilangiza kuwagula musanakonze kaumitsidwe. Mukathira epoxy wambiri, pulasitiki imachita mibulu.

Funso: Silikoni womatira mawindo amanunkha viniga, ndipo pafelemu yachitsulo pachita dzimbiri. Ndinagula wachinyengo? — Mmisiri wa magalasi, Mzuzu

Yankho: Ayi achimwene, ndi weniweni, kungoti si wa ntchito imeneyo. Maunyolo a silikoni amathera ndi timagulu todikira chinyezi. Mukafinya, chinyezi cha mumpweya chimalumikiza nsonga ndi nsonga mpaka phalalo lisanduke labala, ndipo mtundu umene munagulawo umatulutsa asidi wa acetic, yemwe amapezeka mu viniga, polumikizanapo. Fungolo ndi lomwelo, dzimbirinso ndi lomwelo. Ndi wabwino pa galasi ndi matailosi, koma pa chitsulo, simenti ndi kumbuyo kwa kalilole gulani wolembedwa neutral cure, wosatulutsa asidi. Musapake wochindikala: amauma kuchokera kunja kulowa mkati, mamilimita 2 kapena 3 okha pa maola 24.