Kodi ku Ludlow nkoyenera kupitako ndi amayi?

Mlongo wina yemwe amasamalira okalamba ku Birmingham wanditumizira imelo. Amayi ake abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, ndipo akufuna kuwaonetsa England yakale yopanda chipwirikiti cha London. Mnzake wa kuntchito anamutchulira tauni ya Ludlow, ndiye akufunsa ngati ndalama ya sitima siipita pachabe.

Achemwali, pitani, koma muyang'ane tsiku. Msika umakhalako Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka pabwalo la Castle Square, pakhomo penipeni pa linga lakale. Tauniyi ndi yaing'ono, anthu ake sapitirira kwenikweni 10,000, ndiye tsiku lopanda msika mukapeza zii. Pamabenchi pamakhala tchizi, buledi, maluwa ndi ziwiya zakale. Amayi muwauziretu kuti za kunenerera mtengo ngati ku Limbe kumeneko kulibe.

Lingalo ndilo linabala tauni. Anormani, ankhondo ochokera ku France, atalanda England mu 1066, banja la de Lacy linamanga linga pachitunda choyang'ana mtsinje wa Teme kuti lizilondera malire a Wales. Chuma chinadzabwera ndi ubweya wa nkhosa ndi nsalu, ndipo ndalama zimenezo ndi zomwe zinakuza tchalitchi cha St Laurence.

Nkhani yoti muwafotokozere amayi mutaima m'kati mwa lingalo ndi iyi. Arthur, mwana wachisamba wa Mfumu Henry VII, anakwatira Catherine wa ku Aragon mu 1501 nkudzakhala naye ku Ludlow. Mu Epulo 1502 mnyamatayo anamwalira ali ndi zaka 15 zokha. Mng'ono wake, Henry VIII, ndiye anadzakwatira mkazi wamasiyeyo mu 1509. Amayi akangomva adzati, "Si chokolo chimenecho?" Ndi chomwecho. Patapita zaka, Henry anafuna kuthetsa banjali ponena kuti analakwa kutenga mkazi wa mkulu wake. Papa anakana, ndipo mkangano umenewo ndi umene unapatula mpingo wa England ku Roma. Ngati amayi ndi a Anglican, maliro a mnyamata ameneyu akuwakhudza.

Kuchokera m'linga lomweli, bungwe la mfumu linkalamulira Wales mpaka 1689. Litathetsedwa, nyumbazo zinasiyidwa, madenga nkugwa. Lero ndi mabwinja, koma kachalitchi kozungulira ka m'katimo kadakali chiimire.

Ku St Laurence musathamangire nsanja. Masitepe ake ndi pafupifupi 200, opapatiza, ozungulira, ndipo mawondo a munthu wamkulu sangakuthokozeni. Pitani kutsogolo komwe kumakhala kwaya, muwerame muone kunsi kwa mipando. Amisiri akale anasemako nkhandwe, kadzidzi, ngakhale mayi wogulitsa mowa wakuba pamuyeso atanyamulidwa ndi ziwanda. Ine ndinathera pamenepo nthawi yambiri kuposa kulinga.

Feathers Hotel ya mu 1619, ya matabwa akuda osemasema, mudzaidutsa pochokera kusiteshoni. Jambulani, pitirirani. Mphamvu zikatsala, tsikirani ku Dinham Bridge, muwoloke mukwere chitunda cha Whitcliffe, pomwe tauni yonse imaonekera.

Za ulendo: kwerani sitima pasiteshoni ya New Street ku Birmingham mpaka Shrewsbury, musinthe mukwere yolowera ku Hereford. Kuchokera pasiteshoni kupita kumsika ndi chikweza, ndiye amayi avale nsapato zafulati ndipo atenge juzi. Mu Seputembala kumachitika chikondwerero cha zakudya m'linga momwemo. Nchokoma, koma anthu amadzaza moti mpando wopumirapo umasowa.