Amayi a ku Area 25, chonde musamuuze kuti alimbe mtima

Kalata yanu ndaiwerenga, amayi, ndipo yandikhudza pamalo amene ndinkaganiza kuti panapola kale. Mwati mwana wanu wamkazi anali ku Michigan State University ku America usiku umene kunawomberedwa anthu, ndipo kuyambira pamenepo sagona, amalumpha makalasi, pa foni amangoti "zili bwino amayi." Mukufunsa ngati mumutumizire tikiti abwere kumudzi.

Kwa amene simukudziwa: pa 13 February 2023, itangodutsa 8 koloko usiku, bambo wa zaka 43 amene sanali wophunzira kapena wogwira ntchito pasukulupo analowa m'nyumba yophunziriramo yotchedwa Berkey Hall n'kuyamba kuwombera, kenako anapita ku MSU Union, nyumba imene ophunzira amadyeramo ndi kuchezeramo. Ophunzira atatu anafa, asanu anavulala kwambiri. Anthu masauzande anadzitsekera m'zipinda kwa maola pafupifupi 4, magetsi atazimitsa, mafoni atatseka mawu. Kuno inali 3 koloko m'bandakucha. Inu munali mtulo, iye ali pansi pa tebulo.

Ine ndinaphunzirako ku America, pa sukulu ina imene sindiitchula. Kwathuko sikunafe munthu. Kunangobwera uthenga pa foni madzulo ena kuti pali munthu wa mfuti pafupi ndi laibulale, thawani, bisalani. Ndinali m'kalasi ya pansi yopanda mawindo, chitseko chake chopanda loko. Mnyamata wina anavula lamba wake n'kumanga kachitsulo kotsekera chitseko kapamwamba paja, mwakachetechete, ngati anazichitapo kale. Anali atazichitapodi. Ana a kumeneko amaphunzitsidwa zimenezi kuyambira ku pulayimale. Ine ndinangoima, miyendo ikunjenjemera, ndikuganiza kuti mtembo wanga udzafika bwanji ku Chileka ndipo adzalipira ndani. Apolisi atatitulutsa, anzanga anapita kukadya. Ine miyezi inatha ndikudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ndipo m'kalasi ndinkakhala pafupi ndi potulukira basi.

Nditaimba kunyumba, malume anati tithokoze Mulungu, mwamuna salira, anzako akulakalaka mwayi umenewo. Ananena mwachikondi, ndikudziwa. Koma mawu amenewo ndi amene ananditseka pakamwa. Mwana wa kuno akapita kunja amanyamula mudzi wonse pamsana. Amakumbukira mbuzi zimene zinagulitsidwa, tsiku limene mpingo unamuperekeza ndi pemphero, azakhali amene akuyembekeza kuti adzawamangira nyumba. Ndiye anene bwanji kuti ndikuopa kulowa m'kalasi? "Zili bwino amayi" ija ndi mawu a munthu amene sakufuna kukukhumudwitsani.

Ndipo vuto lathu lina ndi lakuti tikamva za uphungu wa m'maganizo, timangoona Zomba Mental Hospital. Wapenga, amutengera ku Zomba. Pakati pa munthu wabwinobwino ndi munthu wovula zovala pamsewu ife sitiikapo kanthu. Koma ambiri ovutika ali pakati pomwepo: amasamba, amavala bwino, amaseka, koma usiku maso ali gwa.

Masukulu a ku America nawo ndili nawo mawu. Pakachitika zoterezi amathamangira zinthu zooneka. Michigan State inaika maloko m'makalasi ambiri, inalamula kuti nyumba zambiri zizitsekedwa 6 koloko madzulo, wolowa agwiritse khadi. Zabwino ndithu, maloko aja anayenera kukhalapo kalekale. Koma taonani Virginia Tech, pa 16 April 2007, pamene anthu 32 anaphedwa. Anthu amakumbukira kuti sukuluyo inachedwa maola awiri kuchenjeza ophunzira pambuyo pa imfa ziwiri zoyamba, ndipo n'chifukwa chake mu 2008 lamulo la Clery Act analikhwimitsa kuti masukulu azichenjeza msanga. Chimene chimaiwalika n'chakuti wowomberayo, Seung-Hui Cho, khoti linali litamulamula mu December 2005 kuti azilandira chithandizo cha m'maganizo, koma palibe amene anatsatira kuti aone ngati akulandiradi. Aphunzitsi anaona, apolisi anaona, aphungu anaona, aliyense anasunga kachidutswa kake poopa malamulo a chinsinsi. Loko amagula kamodzi n'kujambulitsa chithunzi. Mphungu ndi wa malipiro mwezi ndi mwezi, ndiye masukulu amaumira. Pa sukulu yanga ija ndinauzidwa kuti ndidikire milungu ingapo, kenako anandipatsa kapepala ka mafunso kuti ndichonge ndekha. Ndimakwiyabe ndikakumbukira.

Ndipatuke pang'ono. Zokonzekera nazo zikachitika mopanda nzeru zimapha. Ku Kenya, zigawenga za al-Shabaab zitapha anthu 148 pa Garissa University College mu April 2015, Strathmore University ku Nairobi inachita zoyeserera chiwembu cha zigawenga mu November chaka chomwecho ophunzira ambiri asakudziwa kuti ndi zoyeserera. Anthu analumpha kuchokera m'nyumba zosanja, wogwira ntchito mmodzi anafa. Mantha amavulaza munthu ngakhale chipolopolo chisanamukhudze, ndipo akuluakulu a sukulu ambiri sakuvomerezabe zimenezi. Ku Michigan State komweko kunali ophunzira ena amene anapulumuka kale chiwembu china cha mfuti pa Oxford High School mu November 2021. Kachiwiri kameneko, asanakwanitse n'komwe zaka 20.

Chimene chinandithandiza ine chinali mayi wina wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, namwino, amene ankandiitana Lamlungu kudzadya nsima ndi kapenta. Sanandilalikire. Tsiku lina anangofunsa kuti, "Iwe, umagona koma?" Ndinalira ngati mwana. Ndi iyeyo amene anandikoka dzanja kubwerera kwa aphungu n'kuwaumiriza kuti andione msanga.

Za tikiti ija

Musatumize tikiti iye asanapemphe, koma muuzeni momveka kuti akafuna kubwera khomo ndi lotsegula ndipo palibe adzamuseke. Mukamuimbira, siyani za magiredi. Funsani ngati akugona, ngati akudya, ngati pali amene amacheza naye, kenako khalani chete mumve.

Apite ku ofesi ya uphungu ya pasukulupo, amaitcha CAPS, ndipo anene mosabisa kuti analipo usiku uja. Ngati ali pa viza ya ophunzira yotchedwa F-1, asangosiya makalasi payekha, chifukwa viza imafuna kuti aziphunzira maphunziro okwanira. Ayambe wapita ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja ndi kalata ya dokotala kapena katswiri wa za maganizo. Lamulo limalola kuchepetsa maphunziro chifukwa cha matenda mpaka miyezi 12 viza osawonongeka. Ana athu ambiri sadziwa zimenezi, amangovutika chamumtima. Inu sukulu singakuuzeni zambiri za iye popanda chilolezo chake, ndiye pezani nambala ya mnzake mmodzi kapena Mmalawi wamkulu wa kufupi amene angapite kukagogoda pachitseko chake. Akadzangotchula zoti watopa ndi moyo, musadikire kuche: aimbe 988, nambala yaulere ya usana ndi usiku ku America konse, ndipo mnzake uja apite kukakhala naye.