Musathamangire kugula mota yatsopano

Achimwene, mota ya chitseko cha galaja ikamangolira koma chitseko osasuntha, monga mwafotokozera, nthawi zambiri ndi kapasita (kachipangizo kosunga magetsi othandiza mota kuyamba kuzungulira) yomwe yafa. Kumalo otentha imatha msanga. Mota yanga nditaitsegula ndinapeza kapasita itatupa pamwamba, timawaya ta pabolodi titachita dzimbiri lobiriwira chifukwa cha chinyezi. Nditasintha kapasitayo n'kupukuta bolodi, chitseko chinayambanso kuyenda bwinobwino. Musanatsegule mota, zulani pulagi kaye, ndipo dziwani kuti kapasita imasungabe moto ngakhale mwazimitsa magetsi.

Musanagule chilichonse, chitseko chili chotseka, kokani kachingwe kofiira kuti chilekane ndi mota, kenako muchikweze ndi manja mpaka pakati. Chikalemera kapena kutsika chokha, vuto ndi masipuling'i, ndipo mota yakhala ikuvutika ndi katundu wosakhala wake. Apo ndikupempheni ndithu, musakhudze, itanani mmisiri. Sipuling'i yokungika ikaduka imatha kuthyola dzanja.

Mawilo ndi mahinji muzipaka girisi ya lithium, chifukwa chinyezi chimawadya mofulumira. Mukadzafunadi mota yatsopano, ine ndingasankhe ya lamba yokhala ndi batire, osati ya tcheni, chifukwa tcheni chimachita dzimbiri.