Funsani Tiyankhe: Kampu ya America ikutani mkati mwa Germany?

FUNSO: Akonzi, pali chomwe chikundizunguza mutu. Pa nkhani ndimangomva zoti asilikali a ku Ukraine akuphunzitsidwa ndi asilikali a America ku Grafenwöhr, koma nditafufuza ndapeza kuti malowo ali ku Germany. Ndiye kampuyi ndi yandani kwenikweni, anachita kugula kapena?
Wowerenga wanu wamasiku onse

YANKHO: Sanagule ayi achimwene, malowo ndi a boma la Germany, a America amangowagwiritsa ntchito pa mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi America wotchedwa NATO. Komatu kampuyi inayamba kalekale iwo asanailote nkomwe.

Grafenwöhr ili m'chigawo cha Bavaria, kufupi ndi malire a Czech Republic. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Bavaria inali ndi ufumu wakewake komanso asilikali ake, ndiye mizinga itayamba kuwombera patali anasowa malo aakulu oyesererapo, mu 1907 Prince Regent Luitpold, yemwe ankalamulira Bavaria m'malo mwa mfumu, anavomereza kuti kumangidwe kampu ndipo mzinga woyamba unalira pa 30 June 1910. Chipolopolo chake sichinafike nkomwe pomwe ankalozera, chinagwera panjira, koma basi anthu anasangalala kuti kampu yatsegulidwa. Pankhondo yoyamba yapadziko lonse ankasungirako akaidi ogwidwa kunkhondo.

Pomwe pamandipweteka ine ndi nthawi ya Hitler. Kuyambira 1936 mpaka 1938 anaikulitsa kampu ija kufika pa masikweya kilomita pafupifupi 230, ndipo malowotu sanali tchire lopanda eni. Anthu oposa 3,500 a m'midzi yoposa 50 anauzidwa kuti anyamule katundu azipita, kusiya minda, zitsime, matchalitchi ndi manda a makolo awo. Tangoganizani munthu wamanga ng'ombe pangolo, mabedi ndi mapoto pamwamba, akucheuka kuyang'ana nyumba yomwe anabadwiramo akudziwa kuti posachedwapa iziwomberedwa ndi mizinga poyeserera. Ku Hopfenohe, umodzi mwa midziyo, mpaka lero kwatsala makoma a tchalitchi opanda denga pakati pa thengo, ku Pappenberg nakonso ndi mabwinja okhaokha. Anthu akamayamikira kukula kwa kampuyi nkhani imeneyi amaidumpha, zomwe ine sindigwirizana nazo olo pang'ono.

Nkhondo yachiwiri ili mkati kunadutsa magulu ambirimbiri, ngakhale asilikali a ku Spain a gulu la Blue Division, omwe ankathandiza Hitler, anaphunzirira konko mu 1941 asanapite kukamenyana ndi Soviet Union. Kenako pa 5 ndi pa 8 April 1945 ndege zinaphulitsa kampu ndi tauni yomwe, chodabwitsa nsanja ya thanki ya madzi ya pakampupo, yomwe ukaiona ungati ndi nyumba yachifumu, inapulumuka ndipo ndi chizindikiro cha malowa mpaka pano. Mwezi womwewo asilikali a America analowa, ndiye kukhala kwake nkomweko. Chinawakhazika ndi mkangano wa mayiko a azungu akumadzulo ndi Soviet Union, poti malire a Czechoslovakia, dziko lomwe linali mbali ya Soviet Union, anali pafupi pomwepo, ndipo West Germany italowa NATO mu 1955 asilikali ake nawonso anayamba kumabwera kudzayeserera.

Zina ndi zosangalatsako, Elvis Presley woimba uja anakhalako masabata angapo kumapeto kwa 1958 ali msilikali wamba, kuzizidwa m'matope ngati anzake onse. Koma zoopsa zinachitikanso, pa 2 September 1960 chipolopolo cha mzinga chinapitirira pomwe ankalozera nkukagwera pamatenti a asilikali ku Camp Kasserine, mkati mwa kampu momwemo, anthu 16 anafa. Colin Powell, amene anadzakhala nduna yoona zakunja ku America, anali konko tsiku limenelo ali ofesala wachinyamata.

Ndiye za a Ukraine mwafunsazo, kuyambira 2022 akhala akupita kumeneko chifukwa ndi amodzi mwa malo aakulu kwambiri a asilikali a America ku Ulaya komwe akasinja ndi mizinga zimawombera zipolopolo zenizeni, komanso ndi kufupi kusiyana ndi kuwatengera kutsidya kwa nyanja. Kungoti mukapitako musayembekezere kungolowa kukajambula tchalitchi cha Hopfenohe chija, mkatimo amalowa ndi chilolezo basi, ngakhale zidzukulu za eni midzi ija zimadikira tsiku lomwe mfuti zakhala chete kuti zikaone manda.