Musaike matayala a kaunjika ku Altezza yanuyo musanawerenge m'mbali mwake

Achimwene, matayala a kaunjika amene mukuti mwawapeza pa theka la mtengo a Altezza yanuyo ndi ofanana ndi omwe anatsala pang'ono kundiphera banja mu Novembala 2022, ndipo mpaka lero mtima umandithamanga ndikamadutsa pamalo pamene zinachitikira. Galimoto yanga ndi yofanana ndi yanu, matayala ake ndi 215/45 R17, ndipo mphamvu ya injini imapita ku matayala akumbuyo.

Tinanyamuka mu mzinda wa Tete masana kupita ku Ulongwe ku chinkhoswe cha mlamu wanga, dzuwa lili paliwombo, kutentha kuja kwa kuno kopitirira madigiri 40. Titangodutsa Moatize pa msewu wa N7, ndikuyenda pafupifupi makilomita 110 pa ola, ndinamva kugunda ngati mfuti, kenako kumbuyo kwa galimoto kunayamba kupita kwake pamene chiwongolero chikuloza kwina. Kutsogolo kunkabwera thiraki yaikulu, ndipo ndimakumbukirabe nkhope ya dalaivala wake komanso hutala imene sanaisiye mpaka tinadutsana. Mayi a kunyumba anangogwira mwana n'kufuula dzina la Yesu. Phazi linkafuna kuponda buleki, koma ndinaligwira mtima, ndinangochotsa pa moto, galimoto n'kupepeluka kawiri isanakaime m'tchire, limu litakumba dothi. Mwana sanalire n'komwe. Anayamba kulira patapita nthawi, ataona manja anga akulephera kugwira jeke. Sipeya ya galimoto zimenezi ndi kaja kowonda kosaloledwa kupitirira makilomita 80 pa ola, choncho tinakafika ku Ulongwe usiku, mwambo utatha.

Mawa lake wokonza matayala wina ku Ulongwe anandionetsa zimene ndinayenera kuona ndisanalipire. Pambali pa tayala lophulikalo panali chizindikiro cha phiri ndi chipale chofewa, kutanthauza kuti linapangidwira nyengo yozizira kwambiri, ndipo mphira wake wofewa sungapirire phula lotentha la m'chigwa cha Zambezi. Nambala zinayi zomaliza pambuyo pa zilembo za DOT zinali 4113, kutanthauza sabata la 41 la chaka cha 2013, ndiye kuti ndinanyamula banja langa pa tayala la zaka 9. Pakati pa mizere yake panali ming'alu yaing'onoing'ono imene inabisika ndi polishi wakuda.

Munthu amene anandigulitsa uja ankadziwa zonsezi, pakuti ntchito yake ndi yomweyo tsiku ndi tsiku. Anandiuza kuti katundu wa ku Japan satha, anandionetsa kuzama kwa mizere ndi chala chake, ndipo mbali yokhala ndi deti anaitembenuzira kukhoma. Nditabwerera ndi zidutswa zake m'buti, anandiyankha pamaso pa anyamata ake kuti eni timagalimoto tothamanga timakonda kuimba mlandu matayala pamene vuto ndi phazi lathu. Sanabweze ngakhale metikali imodzi, ndipo sanafunse ngati mwana ali bwino. Mawu amenewo amandipwetekabe kuposa ndalama za limu limene ndinagula.

Tsono inu werengani nokha, musadalire pakamwa pa wogulitsa. Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 87W kapena 91W: 87 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 545, 91 ndi makilogalamu 615, pamene V ndi liwiro la makilomita 240 pa ola ndipo W ndi 270. Simudzafika liwiro limenelo pa misewu yathu, koma tayala la chilembo chapamwamba limapirira kutentha bwino, ndipo kutentha ndiko kumatipha kuno. Musalole kuti akukopeni ndi malimu a mainchesi 18, chifukwa khoma la tayala lanu panopa silikwana n'komwe masentimita 10, ndipo dzenje limodzi la pa msewu wa ku Zobue ndi lokwanira kulitupitsa. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, motsatira kapepala kamene kali pa chitseko cha dalaivala.

Komabe ndivomereze kuti ndalama zikavuta, ine ndingasankhe Bridgestone kapena Michelin ya kaunjika yosapitirira zaka 3, yopanda chigamba m'mbali, kusiyana ndi latsopano lotchipa la dzina losadziwika, ndipo awiri amene ali kutsogolo kwa galimoto yanga panopa ndinawagula motero. Ngati mungathe kugula atsopano awiri okha, akhale ofanana ndipo aikidwe kumbuyo, ndipo muimirire pomwepo pamene akuwamanga kuti muone kuti ndi omwe munasankha aja.