Mbendera yakale pakhoma la galaja

Achimwene, mwafunsa ngati abwana anu ku Joni ali ndi ufulu wopachika mbendera yakale ya South Africa, ija ya orenji, yoyera ndi buluu, pakhoma la galaja yomwe mumagwirako ntchito. Ayi, alibe.

Mbenderayo inkauluka kuyambira 1928 mpaka 1994, ndipo anzanu akuda akaiona amakumbukira mapasi (ziphaso zomwe akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo) ndi nkhanza za tsankho. Mu Ogasiti 2019, bungwe la Nelson Mandela Foundation litadandaula, Jaji Phineas Mojapelo wa Equality Court, khoti loona milandu ya tsankho, anagamula kuti kuionetsa mwachisawawa ndi kufalitsa chidani. A AfriForum, bungwe loyankhulira azungu achi Afrikaner, anachita apilo, koma Supreme Court of Appeal inagwirizana ndi chigamulocho mu 2023. Mbenderayo imaloledwa pa zaluso, maphunziro ndi utolankhani wokomera anthu.

Ndikumvetsa mantha anu, pachilendo munthu amaopa kutaya ntchito. Musaing'ambe nokha chonde, mlandu ungakutembenukireni. Ijambuleni pa foni m'mawa mukungofika, lembani tsikulo, kenako mukalankhule ndi abwanawo muli atatu kapena anayi. Akakana kuichotsa, pitani ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito, kapena ku Equality Court ya pakhoti la majisitileti. Kudandaula n'kwaulere, loya safunika.