Wandale akagwira maikolofoni, ndale amakhala wazisiyadi?

Kalata ya sabata ino yandisowetsa tulo. Bambo wina amene anali khansala n'kugonja pa chisankho walemba kuti wailesi ina yamupatsa pulogalamu ya madzulo, ndipo akufunsa kuti: "Kodi omvera adzandikhulupirira, kapena adzangoti ndi wachipani uja wasintha malaya?"

Achimwene, funso lanuli landibweza kutali, mpaka ku Taiwan.

Mu 2006 ndinali pasukulu kum'mwera kwa chilumbachi, nthawi imene Malawi anali adakali pa ubale ndi boma la ku Taipei, ubale umene unayamba mu 1966 n'kutha kumayambiriro kwa 2008. Madzulo aliwonse anzanga ankasonkhana pa kanema kuonera mapulogalamu a ndale. Chinenero ndinkachimva pang'ono chabe, koma phokoso lokhalo linkandikopa. Panali bambo wina amene ankadula alendo ake mawu mopanda mantha, ndipo mnzanga wogona naye chipinda chimodzi akangomuona ankatsonya. Nditafunsa, anati, "Ameneyo ndi Jaw Shaw-kong. Usamuone ngati mtolankhani."

Mbiri yake ndinaidziwa pang'onopang'ono. Anabadwa mu 1950, anaphunzira ku National Taiwan University, kenako ku yunivesite ya Clemson ku America. Anayamba ngati inu, khansala, mumzinda wa Taipei. Anakwera n'kukhala phungu wa chipani cha Kuomintang, ndipo mu 1991 anapatsidwa udindo woyang'anira bungwe la boma loona za chilengedwe. Posagwirizana ndi njira ya pulezidenti Lee Teng-hui, iye ndi anzake anachoka n'kuyambitsa chipani cha New Party mu 1993. Chaka chotsatira anapikisana pa umeya wa Taipei. Mavoti anagawanika pakati pa iye ndi Huang Ta-chou wa Kuomintang, ndipo Chen Shui-bian wa chipani chotsutsa cha Democratic Progressive Party (DPP) anadutsa pakati pawo n'kupambana. Jaw anakhala wachiwiri. Mu 1996 anati ndale basi, nayambitsa wailesi ya UFO Radio.

Ine nditabwerera kumudzi ndinagwa m'dzenje lomwelo, laling'ono chabe. Ndinathandiza munthu wina pa kampeni, ndinkalemba zoti akalankhule pamisonkhano, ndinakwera nawo malole. Atagonja ndinapeza ntchito pa wailesi ina yaing'ono. Ndinaganiza kuti ndikangokhala chete za kumene ndachokera, nkhani yatha. Sabata yachitatu mayi wina anaimba foni pulogalamu ili mkati, nati, "Bambo, ife tinakuonani pamsonkhano mutavala nsalu ya chipani. Wakutumani ndani?" Ndinachita chibwibwi. Chimene chinandipweteka n'chakuti mayiwo sananame. Mafunso olimba ndinkawasungira alendo a mbali ina, a mbali yanga ndinkawasisita, ndipo ndinkadziuza kuti palibe akuona. Ndinapita kunyumba usiku umenewo osadya.

Ndiye ndikamakumbukira Jaw, pali chimodzi chimene ndimamulemekezera. Sanabisepo mbali yake. Aliyense ku Taiwan amadziwa kuti ndi wa mbali imene kumeneko amaitcha yabuluu, yosafuna kuti chilumbachi chidzitche dziko losiyana kotheratu ndi China. Womuonera pa wailesi ya kanema ya TVBS amadziwiratu chimene akulandira.

Koma pamenepo ndi pomwe ulemu wanga umathera. Ndinena mosapsatira: munthuyu ndale sanazisiyepo. Anangosintha nsanja. Anadzakhala wapampando wa Broadcasting Corporation of China, wailesi yaikulu imene kale inali m'manja mwa Kuomintang, imene chipanicho chinagulitsa malamulo atalamula kuti zipani zichoke m'nyumba zofalitsa nkhani. Lamulo linkafuna kulekanitsa chipani ndi wailesi, koma wailesiyo inagwera m'manja mwa mwana wa m'nyumba yomweyo. Mu 2021 anabwerera ku Kuomintang. Mu Novembala 2023 Hou Yu-ih, amene ankaimira Kuomintang, anamutenga kukhala wachiwiri wake pa chisankho cha pulezidenti. Zaka zoposa 25 akulankhula m'nyumba za anthu tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku limene chipani chinamufuna, omvera aja anasanduka ovota. Pa 13 Januwale 2024 anagonja, atapeza pafupifupi 33 peresenti, Lai Ching-te wa DPP n'kupambana ndi 40. Kugonjako sikusintha maganizo anga. Amene ankapikisana naye analibe pulogalamu ya zaka zonsezo.

Ena adzati nanga Sisy Chen, mayi amene anali wa chipani cha DPP, nakhalanso phungu, kenako n'kutchuka ndi pulogalamu ya nkhani za m'maiko akunja? Inde, ndipo wandale amadziwa zinthu zimene mtolankhani wamba sazidziwa, monga mmene bajeti imaphikidwira kuseri ndi bodza limene nduna imanena ikapanikizika. Luso limenelo ndi lenileni, ndipo omvera amalifuna. Vuto langa lili pa munthu wogwiritsa maikolofoni ngati mthunzi wodikiriramo chisankho chotsatira.

Tsono inu mutani?

Landirani ntchitoyo. Tsiku loyamba lomwelo nenani nokha pa wailesi kuti munali khansala wa chipani chakuti, asanakunenereni wina. Tulani pansi udindo uliwonse umene mudakali nawo m'chipanimo. Mlendo woyamba wa chipani chanu mumufunse funso limene mukudziwa kuti amaliopa, poti inu mukulidziwa. Ndipo ngati mumtima mwanu mukuganizabe zodzaimanso, musiye pulogalamuyo tsiku limene mwatsimikiza, osati tsiku limene dzina lanu latuluka pa chikalata.

Ine ndinapepesa pa wailesi sabata yotsatira, n'kutchula kampeni imene ndinagwirako ntchito. Mayi aja anaimbanso patapita miyezi iwiri, kufunsa za mtengo wa feteleza.